Chingwe Chochokera ku Katuli

M'chaka cha 1983, mayi aliyense wa m'tauni ya Mangochi akafuna diresi lomukhala bwino ankati, “Tiyeni kwa Matilda.” Mawu amenewa ndi amene ankamudya Lena mumtima. Makina osokera anali ake, bambo ake anachita kubwera nawo kuchokera ku Joni. Khonde lija, la sitolo imene kale inali ya Mmwenye kufupi ndi msika, anakapempha ndi iyeyo. Msana umene unkaphwanya dzuwa likamapendeka unali wake. Koma dzina linali la Matilda, mwana wa azakhali ake, chifukwa Matilda ndiye ankagwira sizasi. Iye ankayeza anthu, kulemba ndi choko, kudula, kenako n'kumuponyera Lena zidutswazo ngati akuponyera nkhuku madeya. Ya Lena inali yopalasa makina basi.

Musaganize kuti Lena anali mbuli. Ayi ndithu. Mtsikana ameneyu ankati akamuyang'ana munthu kamodzi, ankadziwa pamene diresi limugwire ndi pamene limutayire. Vuto lake linali limodzi, anabadwa wamanzere. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu kwawo ku Malindi, azakhali ake a Hana, amene ankaphunzitsa zosoka amayi a ku tchalitchi, analumbira kuti amuwongola. Akangogwira sizasi ndi dzanja lamanzere, rula inali itatera kale pa zala. Tsiku lina anamukakamiza kudula ndi dzanja lamanja nsalu yoyera imene Matilda ankayenera kuvala polandira mgonero woyamba. Sizasi inayenda njira yake, khosi linatuluka lokhota, mkono umodzi waufupi, ndipo Matilda anakalandira mgonero atavala diresi lobwereka. A Hana sanadikire n'komwe kuti afike kunyumba. Pamaso pa amayi onse a mpingo anati manja a mwana uyu ndi owononga, moyo wake wonse azingosoka zodula anzake.

Mawu aja analowa mwa Lena n'kumangamo nyumba. Zaka zisanu ndi zinayi zinadutsa asanadulepo ngakhale thumba la kabudula.

Tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala Dinala wokonza njinga. Anayamba ndi kubwera kudzathira oyilo makina a Lena, kenako makinawo anayamba kufuna oyilo pafupipafupi modabwitsa, ndipo chaka chisanathe awiriwa anali atalonjezana ukwati. Phiri linali limodzi, mayi ake a Dinala, Abiti Atumani, amene ankagulitsa chambo chowamba mumsika ndipo ankaopedwa ndi amuna omwe. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati mtsikana wa ku tchalitchi sangalowe pakhomo la Chisilamu. Anali atamvanso kuti ndi wamanzere, ndiye anati iwo sangadye chophikidwa ndi dzanja limene anthu amapita nalo kuchimbudzi. Anawauza ndani za dzanjalo? Tauni yonse inkadziwa kuti Matilda anayamba wamusekererapo Dinala, Dinalayo n'kuyang'ana kumbali.

* * *

Mwezi wa Ramadani uli pakati, Dinala anawoloka msewu m'mawa wina akuchita ngati avine, phukusi lili kukhwapa. Matilda anali atapita kukagula ulusi. Anamasula phukusilo pa makina. Munali nsalu yobiriwira yonyezimira, ya maluwa agolide, yogulidwa ku Limbe, yoti anthu a ku Mangochi anali asanaionepo. Pamwamba pake panali chingwe cha khonje chomangidwa mfundo zisanu ndi imodzi.

Chingwe chotere Lena ankachidziwa. Anthu a kumidzi yakutali akalephera kubwera okha kwa telala ankadziyeza ndi chingwe, kumanga mfundo ya mapewa, ya chifuwa, ya chiuno, mpaka ya kutalika, n'kupatsira wina amene akubwera m'tauni. Dinala anati chimenechi ndi cha mlongo wake Tatu, wokwatiwa ku Katuli, amene Lena anali asanamuonepo. Mayi ake akufuna kumusokera diresi la Idi, chikondwerero chotsekera mwezi wa kusala, koma mwiniwake sangabwere chifukwa lole ya kumeneko imaoneka ikafuna. Anati mayi ake afewa tsopano, kungoti aika lamulo limodzi.

“Akuti udule wekha, Lena, osati Matilda. Akufuna aone ngati mkazi amene ndikumulirirayu ali ndi manja.”

Lena anamufunsa ngati anavomera zimenezo. Dinala anati anavomera pomwepo, ndipo anawathokoza.

“Munawathokoza? Mwandikumbira dzenje inu, n'kukathokoza amene anakubwerekani khasu.”

Anamuuza kuti akudziwa bwino lomwe kuti iye sadula. Nsaluyo inali mayadi anayi okha, yopanda yotsalira, ndipo akaiwononga, mayi akewo akaipachika mumsika pakati pa chambo kuti aliyense aone ntchito ya mtsikana wa ku Malindi. Anamufunsa ngati n'zimene akufuna, kuti asekedwe kachiwiri, tsopano ndi tauni yonse.

Dinala anali munthu wofatsa, koma tsiku limenelo, kaya ndi ludzu la kusala, nayenso anapsa mtima. Anati miyezi isanu ndi umodzi wakhala akukangana ndi mayi ake, amalume ake osamuyankha ndi moni womwe, zonse chifukwa cha Lena. Lero chitseko chatseguka pang'ono, Lena akuti akuopa kachitsulo kokwana m'thumba.

“Mayi anga akukukana, inde. Koma amene anayamba kukukana ndiwe mwini wake.”

Lena anamuuza kuti atenge nsalu yake azipita. Dinala anapitadi, koma nsaluyo anaisiya pa makina.

* * *

Matilda atabwerako anaiona nsalu ija n'kuiyika patsaya kuti amve kusalala kwake. Lena anameza manyazi, anamufotokozera zonse, n'kumupempha kuti aidule mobisa kuseri kwa sitolo. Anati palibe amene angadziwe, ndipo iye sadzaiwala.

Matilda anatenga chingwe chija n'kuchiyendetsa m'zala pang'onopang'ono. Atafika pa mfundo ya chiuno anaima, anamuyang'ana Lena, n'kufunsa kuti akuti n'cha yani. Atamva kuti n'cha Tatu, anaseka kuseka kwina kumene Lena sanakukonde.

“Zaka zinayi ndakhala ndikukudulira nsalu. Lero ndikudulirenso mwamuna?”

Apa m'pamene zinaphulika zonse zimene Lena ankasunga. Anati makina ndi ake, khonde ndi lake, thukuta ndi lake, Matilda amangokolola dzina. Anati akudziwa amene anapita kukanong'oneza Abiti Atumani za dzanja lake. Matilda sanakane n'komwe. Anati makina opanda sizasi ndi chitsulo chopanda ntchito, ndipo a Simioni, telala wa khonde la kutsogoloko, akhala akumuitana kuyambira chaka chatha. Anaika sizasi, tepi ndi choko m'chikwama chake anthu ogula sopo m'sitolo akuonerera, n'kumuuza Lena kuti aone ngati makina amadula okha.

Pofika masana, amayi amene ankabwera ndi nsalu ankafunsa kumene kuli Matilda n'kudutsa. Lena anatsala ndi mipendero ya mayunifomu a ana asukulu. Analira, koma sinali misozi yachisoni. Anakwiyira Dinala chifukwa chomuvomerera, anakwiyira Matilda, anakwiyira Abiti Atumani ndi chambo chawo chomwe. Koposa onse anakwiyira dzanja lake, moti analimenyetsa pa thabwa la makina mpaka linatupa.

* * *

M'mawa mwake anabwera ataganiza zokabweza nsalu ija, ukwati uthere pomwepo. Atavundukula makina anapeza kaphukusi ka pepala la simenti. M'kati munali sizasi yakale yakuda, yonoledwa mpaka kuwala m'mphepete, ndi kalata yolembedwa ndi pensulo.

“Lena, sizasi iyi ndaipeza kwa telala wina amene maso anamuthera, ndipo ndainola ndekha. Sindikupepesa. Chaka chonse ndakhala ndikukuyang'ana kuchokera pansi pa mango. Ulusi umalowetsa ndi dzanja liti? Mabatani umasoka ndi dzanja liti? Nanga diresi la Matilda lija unadula ndi dzanja liti? Ndine Dinala.”

Anaifinya kalatayo n'kuiponya mumsewu. Munthu wamtundu wanji ameneyu, wolemba kuti sakupepesa? Koma funso lachitatu linamukakamira, mpaka anatsika pakhonde kukaitola asanaiponde ng'ombe za ngolo. Zaka zisanu ndi zinayi wakhala akunena kuti dzanja lake linawononga nsalu yoyera. Koma linawononga linali lamanja, limene azakhali ake anamukakamiza. Lamanzere lija linali lisanazengedwepo mlandu, chifukwa silinaloledwepo kudula kanthu. Analimanga popanda kulimva.

Mkwiyo umene unamugwira pamenepo unali wina, wopatsa mphamvu. Anakapempha manyuzipepala akale kwa mwini sitolo. Tsamba lililonse ankayamba walitembenuza mbali zonse, chifukwa masiku amenewo panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko choti ukachidula khosi umakafotokoza kupolisi, ndipo anyamata a malaya ofiira ofunsa makhadi a chipani pachipata cha msika anali ndi maso akuthwa.

Poyamba zinakanika. Pepala linkangopindika pakati pa sizasi osaduka, ndipo mtima wake unati waona, azakhali ananena. Anatsala pang'ono kuiponya kudenga la sitolo. Kenako anazindikira kuti sizasi anaipangira anthu amanja, ndipo iye akakokera chala chachikulu m'kati m'malo mokankha, mano ake ankakumana. Anazindikiranso kuti mzere wa choko ayenera kuusuzumira mbali inayo. Zinthu ziwiri zokha zimenezi, zoti mphunzitsi wachifundo akanamuonetsa tsiku limodzi, n'zimene zinamudyera zaka zonsezi.

Masiku atatu anadula mapepala mpaka chala chinachita matuza. Matilda ankaimirira pakhonde la a Simioni n'kumafuula kuti asukulu afika sitandade chani, amayi ena n'kumaseka. Lena sankadzutsa mutu. Pansi pa mango, Dinala ankangopopa njinga ngati sakuona, ndipo Lena sanamupatse ndi moni womwe. Tsiku lachinayi anapereka chitenje chake chakale kukhala nsembe. Anachidula motsatira mfundo za chingwe chija, anachilumikiza, ndipo chinatuluka diresi loima bwinobwino. Anangodabwa kuti Tatu, mayi wa ana awiri, ali ndi chiuno chonga cha namwali, koma anati anthu amabadwa mosiyana.

* * *

Lachiwiri m'mawa anayala nsalu yobiriwira ija pa tebulo, anailemba ndi choko chopempha kwa mphunzitsi wina, n'kugwira sizasi. Asanaitsegule anamva mawu amene ankawadziwa kuyambira ali mwana.

“Ika pansi chinthu chimenecho.”

Anali a Hana, atangotsika basi ya ku Malindi, ambulera ili m'manja, Matilda ali pambuyo pawo. Uthenga unali utawapeza. Sanakhale pansi, sanalandire moni. Anati Lena wachititsa manyazi banja lonse, mwana wobatizidwa kumathamangira Msilamu mpaka kuthamangitsa m'bale wake pakhonde. Anati bambo ake amva ndipo sakudya. Anati tsopano akufuna kuwononga nsalu ya eni ake kuti dzina la banja linunkhe m'tauni muno monga linanunkhira ku tchalitchi. Anthu anayamba kusonkhana, ogulitsa mandasi, okwera njinga, ngakhale mwini sitolo anasiya sikelo.

Lena anangoona ngati wabwerera ku Malindi ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anaona kuti zala zake zayamba zokha kumasula sizasi. Zimenezi n'zimene zinamukwiyitsa kwambiri, kuti mayi wamkulu ngati iye, wodzidyetsa yekha, akumverabe rula imene inathyoka kalekale. Anagwira sizasi mwamphamvu, n'kuweramitsa mutu mwaulemu monga analeredwera.

“Azakhali, tsiku lija munandimenya dzanja ili, sizasi n'kundipatsa ku ili. Linawononga ndi limene munasankha inu. Lero ndilekeni ndiwononge ndi langa.”

A Hana anati umenewo ndi mwano, ndipo anthu onse ndi mboni. Lena analowetsa sizasi m'nsalu.

Pakhonde panangoti zii, kumangomveka sizasi ikudya nsalu. Anadula kutsogolo, anadula kumbuyo, anazungulira khosi osapuma, thukuta likudontha kuchibwano. Atafika pa mikono anaima kamodzi n'kupukuta dzanja pa chitenje, kenako anaidula yonse iwiri n'kuisanjika pamodzi anthu akuona. Inali yofanana ndendende. Mayi wina wogulitsa mandasi anaimba nthungululu, anzake n'kumuletsa.

A Hana anaima mpaka chidutswa chomaliza. Anati kudula si kusoka, khosilo likhota ndithu, n'kutsegula ambulera yawo kubwerera kokwerera basi. Matilda sanaoneke wokhumudwa. Anayang'ana chingwe chija chili pa tebulo, anamwetulira, n'kubwerera kwa a Simioni.

* * *

Khosi silinakhote. Patatha masiku awiri diresi lija linapachikidwa pa msomali wa nsanamira, ndipo amayi opita kumsika ankaima mitanga ili pamutu. Ankaligwira mpendero, kulitembenuza kuti aone m'kati, n'kufunsa ngati Matilda wabwerera.

“Ndadula ndine,” ankayankha Lena.

Mawu amenewa anali asanatulukepo m'kamwa mwake, ndipo ankamukomera ngati nzimbe. Pofika Loweruka, pansi pa makina panali mulu wa nsalu za Idi, zingwe za mfundo zochokera ku Nkhudzi ndi ku Chembe komwe. Anthu anayamba kunena kuti tiyeni kwa wamanzere uja, ndipo Lena anapeza kuti dzinalo silikumupwetekanso.

Dinala anawoloka msewu tsiku lomwelo. Anaima patsogolo pa diresi nthawi yaitali, manja ali kumbuyo kuopa kulidetsa ndi girizi. Lena anamuuza kuti nayenso sakupepesa, onse awiri n'kuseka, ndipo mkangano unathera pomwepo. Dinala anagwira chala cha matuza chija n'kunena kuti Idi ikangodutsa atumiza ankhoswe ku Malindi, kaya bambo a Lena awathamangitse ndi agalu. Lena anafunsa ngati amalume ake avomera kutsogolera ulendowo, pakuti mwana wa mlongo wawo sangakwatire iwo asanalole. Dinala anayang'ana njinga imene inkadutsa mumsewu, n'kunena kuti zimenezo azisiye kwa iye.

Lena anaona kuyang'ana kumbali kuja, koma anali wokondwa kwambiri moti sanafunsenso. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

* * *

Kutatsala tsiku limodzi kuti Idi ifike, Abiti Atumani anabwera okha m'mawa, msika utadzaza. Sanabwere ndi fungo la nsomba, anali atasamba n'kuvala mpango watsopano. Pambuyo pawo pankabwera mtsikana wowonda, woyera pang'ono, wamaso apansi. Lena anatsika pa mpando n'kugwada, anawalonjera amayiwo, kenako anatembenukira kwa mtsikanayo mwachimwemwe. Anati wakondwa kuti alamu ake a Tatu apeza lole.

Mtsikanayo anayang'ana Abiti Atumani, kenako anayang'ana pansi.

“Ine si Tatu. Ndine Asiatu.”

Lena sanamvetse. Abiti Atumani anatsitsa diresi pa msomali, analiunika mizere yonse padzuwa, analikoka m'khwapa kuti aone ngati ling'ambike, n'kumupatsa mtsikanayo kuti akaliyese kuseri kwa sitolo. Asiatu atatuluka, amayi amene anali pakhonde anagwira pakamwa. Diresi linamukhala ngati anabadwa nalo. Mapewa, chifuwa, chiuno chija chonga cha namwali, mfundo iliyonse inali pamalo pake. Apa m'pamene Lena anazindikira chimene Matilda anaseka tsiku lija atagwira chingwe.

Abiti Atumani analankhula mokweza kuti ndi a pakhonde la a Simioni omwe amve. Anati Asiatu ndi mwana wa mchimwene wawo, msuweni wake wa Dinala, ndipo ukwati wa awiriwa ukamangidwa ku mzikiti Lachisanu la sabata yamawa. Limeneli ndilo diresi la mkwatibwi.

“Ndinati ukaiwononga, mwana wanga aona yekha kuti akulirira chiyani. Ukaisoka bwino, mpongozi wanga avala bwino. Manja uli nawo, mwanawe, sindinama. Koma manja si mtundu.”

Dinala anali ataona gulu la anthu, ndipo anafika akuthamanga sipanala ili m'manja. Ataona Asiatu m'diresi lobiriwira anaima ngati wamenyedwa ndi mtengo pamutu. Analumbira kuti iye sankadziwa, kuti mayi ake anamuuza kuti chingwe n'cha Tatu, kuti amupusitsa iyenso. Mayi ake sanamuyang'ane n'komwe. Anangomufunsa ngati amalume ake sanamuitane mwezi watha n'kumuuza za Asiatu, ndiponso ngati iye anatsegula pakamwa kukana pamaso pawo.

Lena anadikira yankho. Dinala anati sanavomere.

“Sindinafunse ngati munavomera,” anatero Lena. “Mayi anu afunsa ngati munakana.”

Dinala anati munthu sayankha amalume ake pamaso, iye ankafuna kupeza nthawi yabwino, ankadikira kuti diresi lithe kuti akhale ndi poyambira. Lena anamva mawu onsewo ngati phokoso la chigayo. Mwamuna amene anamulembera kalata yomuchotsa mantha, amene anamuuza kuti akudzikana yekha, anali atakhala mwezi wathunthu pansi pa mango akuopa rula yake.

Anatola sizasi pa tebulo n'kuyenda kulunjika kwa Asiatu.

Anthu anabwerera m'mbuyo. Asiatu anatseka maso. Kunena zoona, Lena anafunadi kutero. Kungolowetsa sizasi pakhosi la diresi n'kutsika nayo mpaka kumpendero, Lachisanu mkwatibwi akavale chiguduli. Koma anaona mzere wa khosi uja, wozungulira bwino, umene azakhali ake anati ukhota. Matilda anali ataima pamsewu khosi lili m'mwamba, kudikira kuti akauze a ku Malindi kuti manja aja awononganso. Lena anagwira kaulusi kamene kanatsalira paphewa la Asiatu, anakadula, n'kumuuza kuti akavule asalidetse.

Analipinda yekha bwinobwino, analikulunga m'pepala, n'kuwapatsa Abiti Atumani ndi dzanja limodzi, lamanzere, osagwada.

“Ukundipatsa ndi dzanja limenelo?”

“Ndi limene ladula, amayi. Ngati ndi lodetsedwa, diresinso ndi lodetsedwa. Lisiyeni.”

Abiti Atumani anayang'ana dzanjalo, anayang'ana anthu, anayang'ana phukusi. Idi inali mawa, ukwati sabata yamawa, ndipo nsalu ina yotere kunalibe kuno kwa Limbe. Analandira. Anamukoka Asiatu pamkono n'kutsika pakhonde, ndipo atafika pakati pa msewu anaitana mwana wawo ndi dzina lake lonse kuti awatsatire.

Dinala sanasunthe. Anayamba kunena kuti Lena amumvere kaye, koma Lena anatola chingwe cha khonje chija n'kumuika m'manja pamwamba pa sipanala.

“Ine yanga ndadula, anthu onsewa akuona. Yatsala yanu. Mukakhala ndi mawu, musabwere nawo pakhonde pano. Kawanenereni amalume anu, Lachisanu lisanafike.”

Anatembenuka n'kuitana mayi amene anali woyamba pamzere kuti akweze manja amuyeze. Manambala a pa tepi yake yatsopano sankaoneka bwino chifukwa cha misozi, moti anayeza chifuwa kawiri, koma choko sanachigwetse. Mumsewu Abiti Atumani anaitananso kachiwiri, mokweza kuposa poyamba. Lena sanacheuke. Ankangomvetsera kuti mapazi a Dinala alowera kuti, ndipo mapaziwo anali asanasunthe.